Tsache Langa pa Bwalo la Ba Chitalu

Kuseri kwa tchalitchi china ku Mtendere, mumzinda wa Lusaka, kuli bwalo la tenisi la dothi lofiira. Malowo ndi a mpingo, koma mukafunsa mwini wake, aliyense adzakuuzani kuti ndi la Ba Chitalu. Ine ndine Hosea Tembo, wowotcherera zitsulo ku Kalingalinga. Mapolo awiri amene amagwira neti pabwalopo ndinawotcherera ndine, geti ndine, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri tsache losesera mizere linali m'manja mwanga. Ndiye ndikamanena za munthu ameneyu musaganize kuti ndinachita kumva kwa ena.

Ba Chitalu anabadwira ku Mufulira mu 1959, bambo awo akugwira ntchito pansi mumgodi. Tenisi anaidziwira ku kalabu ya mgodi, kumene ankatola mipira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mabwana akapita kukamwa tiyi, iwo ankamenyetsa mpira wotha ubweya pakhoma ndi thabwa la bokosi la sopo. Atakula anawalemba ukalaliki kusitolo ya mgodi, koma aliyense ankadziwa kuti chimene anawalembera ndi dzanja lawo lamanzere. Anasewerera mgodiwo ku Ndola, ku Kitwe, ku Kabwe, ndipo kamodzi kokha anafika ku Nairobi pa mpikisano wa akatswiri odya ndalama za tenisi. Kumeneko mzungu wina wamtali anawachotsa tsiku loyamba, iwo atapata magemu anayi okha.

Chimene ndinkawakondera n'chakuti magemuwo sankachuluka. Madala enafe nkhani zathu zimanenepa chaka ndi chaka. Ine chigoli chimodzi chimene ndinachinya ku Chipata ndili mnyamata pano chinafika pa zitatu. Koma Ba Chitalu, kaya mwawagulira botolo, kaya awiri, magemu a ku Nairobi anali anayi basi. Anthu a ku Kopabeliti amene ankawadziwa kale ankasimbanso za fainolo ina ku Ndola, pamene mpira wotsiriza unagwa mbali yawo, woweruza n'kunena kuti watuluka, chikho chili chawo, koma iwo n'kukana, n'kunena kuti mpirawo wakhudza mzere. Analuza tsiku limenelo. Dzina loti munthu wosaba mpira analitenga pamenepo, ndipo ankalisamala kuposa nsapato zawo zoyera.

Migodi itayamba kuchotsa anthu, anabwera ku Lusaka ndi akazi awo, bana Mwango, amene anapeza tebulo la nsomba zouma pamsika wa Mtendere. Ba Chitalu ankaluka zingwe za malaketi a anthu a m'makalabu a m'tauni, pamanja, ndi chisongole ndi kamtengo kokokera. Tsiku lina mu 2001 anatulukira pashopu panga atavala kabudula woyera, munthu wamkulu ndithu, miyendo ili pamtunda.

"Ndimwe ba Tembo? Ba kum'mawa?" anafunsa. "Nifuna mapolo yabili yolimba. Osati yamene muchita kumatika na mafuta ya mbeba."

"Mapolo nizapanga," ndinayankha, "koma muuze bakolwe banu basakwelepo."

Anaseka mpaka kugwira pamimba. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani, amene kwawo amati bakolwe. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ndi pachimbuya, chibale cha nthabwala, ndiye timatukwanana mmene tingafunire, ngakhale pamaliro, popanda wokwiya. Kuyambira tsiku limenelo tinakhala mbuya ndi mbuya wake, iwo n'kumanditchula iwe, ine n'kumawatchula inu chifukwa anandisiya zaka zisanu ndi chimodzi.

Bwalolo tinamanga ndi manja. Dothi la pachulu tinkakatenga ku Kabanana, nthawi imeneyo kudakali thengo, pa lole ya munthu wina wa mumpingo. Tinkalisefa, kulithira madzi, n'kuligudubuza ndi diramu limene ndinadzaza simenti. Mizere tinkalemba ndi laimu wothira m'chitini chobowola. Anthu a m'komboni ankaima pampanda n'kumatiseka kuti madala awiri apenga, akukonza munda wosadzalamo kanthu. Pofika chaka chachitatu ana awo omwewo ndi amene ankadzaza pabwalopo Loweruka lililonse, ena opanda nsapato, laketi imodzi anthu asanu.

Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri. M'mawa kusanatenthe, dothi likununkhira madzi, kwaya ikuyeserera m'tchalitchi, Ba Chitalu ali pakati pa bwalo akukuwa Chibemba chosakaniza ndi Chinyanja, ine ndikuyenda ndi tsache langa. Sindinakhalepo katswiri. Tikamasewera awiriawiri ntchito yanga inali kuima paneti n'kumaoneka woopsa.

Pabwalo pathu panalibe woweruza. Lamulo la Ba Chitalu linali lakuti aliyense aziweruza yekha mbali yake. Mpira ukagwa mbali yako, iweyo ndiwe unene ngati walowa kapena watuluka. Ankauza mwana aliyense wobwera kumene kuti, "Bola ikagwa pa dothi isiya chidindo. Ngati wakayika, pempha uone. Palibe mulandu." Lamulo linali labwino. Koma kwathu kuno ndi mwana uti angaoloke neti kukauza munthu wa imvi, amenenso anamuphunzitsa kugwira laketi, kuti bambo mwanama?

Chaka chilichonse pa 24 Okutobala tinkachita mpikisano wa amuna. Chikho chinali cha aluminiyamu, chokhala pa thabwa, ndipo pathabwapo ndinakhomerera kachitsulo ka mkuwa pamene ndinkadinda dzina la wopambana ndi chaka chake. Zaka zambiri ndinkadinda dzina limodzimodzi, mpaka dzanja linazolowera. Ba Chitalu sankamenya mwamphamvu. Ankangoudula mpira kuti ufike wogona, kuuponya kumene iwe kulibe, kenako n'kukufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Anyamata ankatuluka pabwalo malilime ali kunja iwo malaya asananyowe.

Ngakhale pa tenisi ya pa TV anali mbali ya akuluakulu. Tikakhala pashopu panga kuonera mipikisano ya kunja, katswiri wakale akamapanikizidwa ndi kamnyamata kongotuluka kumene, iwo ankaimirira ngati akumenyedwa ndi iwowo. "Ona Hosea, aba bana ba manje bamenya bola monga baphwanya myala pa Kalingalinga. Kulibe nzelu, ni mphamvu chabe." Mdala wa pa TV akaluza, iwo ankachoka pashopupo osatsanzika.

Tsopano ndinene mbali yanga, chifukwa ndi imene imandiwawa.

Munali mu 2020, Loweruka wamba, tikusewera awiriawiri. Mpira unagwa mbali yathu, mkati ndithu, mpata wa chikhatho kuchokera pamzere. Ba Chitalu ananena modekha kuti, "Auti." Ndinawayang'ana kuti mwina akuseka. Sankaseka. Anali akuyenda kale kukatenga mpira wina, nkhope ili mbee, mtima uli m'malo. Anyamata awiri a mbali inayo anayang'anana, n'kuyang'ana ine. Chidindo chinali pafupi ndi phazi langa. Ndinachiponda, n'kupotokola nsapato.

Ndinadziuza kuti ndi dzuwa. Sabata yotsatira zinachitikanso kawiri. Bana Mwango anandiuza pamsika kuti kunyumba amuna awo akuthira tiyi pambali pa kapu, koma akawauza za chipatala amati ndi fumbi la Lusaka, n'kukagula magalasi a pamsewu. Ng'ala imabwera pang'onopang'ono, mwini wake sadziwa kuti dziko lachita chifunga. Iwo ankanena zimene maso awo ankawauza, ndi mtima woyera. Wakuba ndinali ine. Ndinayamba kusesa mizere pafupipafupi, ngakhale pakati pa gemu, tsache likuthamangira kumene mpira wagwa kumene.

Palibe amene tinakhala naye pansi kupangana, koma bwalo lonse linamva. Anyamata anasiya kulunjika m'mizere poopa kuchititsa mdala manyazi. Ankangomenyera pakati, pamene Ba Chitalu anaima, ndipo mpira wobwera m'manja mwawo iwo ankaudula mmene ankafunira. Choncho anapitiriza kupambana. Ndinadinda dzina lawo mu 2020, mu 2021, mu 2022 ndi mu 2023, ndipo ndinkadziona ngati munthu wachifundo kwambiri.

Amene analuza fainolo ya 2023 anali Chisala, mnyamata wa zaka makumi awiri, wophunzira zamagetsi, amene masana ankagulitsa zikwama za mafoni m'tauni. Anayamba pabwalo pathu ali ndi zaka khumi. Kugwira laketi anamuphunzitsa Ba Chitalu, koma zina zonse anaphunzira pa foni: kumenya ndi manja awiri, kuupota mpira kuti udumphe mpaka paphewa, ngakhale kubuula kumene akatswiri amabuula. Anali atayamba kale kupambana timipikisano ta m'makalabu a m'tauni. Kwawo kokha ku Mtendere ndiye ankaluza kwa munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, ndipo anzake ankamuseka nazo.

Kutatsala sabata kuti mpikisano wa 2024 uchitike, anafika pashopu panga. Anadikira mpaka ndinazimitsa makina.

"Ba Tembo, nabwela kupempha chinthu chimodzi. Pa fainolo musapyange pakati pa gemu."

"Iwe, unayamba liti kuniuza vochita na tsache yanga?"

"Sinifuna kubachitisa nsoni ba kochi," anatero, maso ali pansi. "Koma chaka chatha ninaluza bola zisanu na zibili zamene zinangena. Ninabelenga. Ninankhala zii chifukwa bamayo bananiuza ati ni bakulu. Manje ba kochi beve banatiphunzisa ati ukakayika pempha uone. Nanga tizibanamiza mpaka liti?"

Ndinapsa mtima, ndipo ndinapsa kwambiri chifukwa ankanena zoona. Ndinamuuza kuti ana a masiku ano alibe mwambo, kuti munthu amene akufuna kumuvula pagulu ndi yemwe anamugulira nsapato zake zoyamba, kuti adikire chaka chimodzi kapena ziwiri mdala asiya yekha. Chisala anamvetsera zonse, n'kunena kuti, "Zikomo ba Tembo," n'kumapita. Sabata yonseyo ndinali ndi mpata wopita kwa Ba Chitalu kukawauza ndekha, pawiri, pakhonde pawo. Ndinafika mpaka pageti kawiri. Kawiri konseko tinangokamba za mtengo wa laimu.

Tsiku la fainolo kunatentha monga kumatenthera mu Okutobala. Anthu anadzaza pampanda, amayi a kwaya atakhala pa mabenchi a m'tchalitchi, bana Mwango atatseka tebulo lawo msanga. Ba Chitalu analowa atavala zoyera zokhazokha, zositidwa, laketi ili m'khwapa. Ndikatseka maso ndimawaonabe choncho.

Chisala sanamenyere pakati. Kuyambira mpira woyamba ankalunjika m'makona, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi tinaona Ba Chitalu akuthamanga. Seti yoyamba anaitenga mnyamatayo mosavuta. Mu yachiwiri mdala anatulutsa nzeru zonse za ku Mufulira, timipira togwera pafupi ndi neti, tina tokwera kumwamba kuti dzuwa limuthobwe mnyamata m'maso. Koma ananenanso kuti "auti" katatu pa mipira yolowa, ndipo katatu konse tsache langa linafika msanga. Chisala ankangondiyang'ana. Seti imeneyo inapita kwa Ba Chitalu, anthu n'kuimba nthungululu.

Mu seti yachitatu Chisala anatsogola magemu asanu kwa anayi, n'kufika pa mpira woti akaupata chikho n'chake. Anaumenya ndi manja awiri kutsata mzere wa kumanzere. Unagwa pakona penipeni, laimu n'kufuka koyera, moti ngakhale amayi a kwaya amene sadziwa malamulo anaona.

"Auti," anatero Ba Chitalu.

Chisala anayenda mpaka paneti, n'kuima. Sanaoloke.

"Ba kochi," anatero, "nipempha tione chidindo."

Kumpanda kunayamba kung'ung'udza. Mayi wina ananena mokweza kuti mwana uyu alibe ulemu. Ine ndinali nditaima kale pakonapo, tsache lili m'manja, chidindo chili patsogolo panga, theka pa laimu theka pa dothi. Kukoka kamodzi kokha kukanakwana.

Ba Chitalu sanakwiye. Anamwetulira, ngati mphunzitsi amene mwana wake wakumbukira phunziro. "Palibe mulandu, mwana wanga. Hosea, nionese pamene yagwela."

Anali ndi chikhulupiriro chonse kuti ndiwaonetsa kunja kwa mzere. Chimenecho ndi chimene chinandithyola. Ndinaika tsache pansi, n'kuloza ndi chala.

Anabwera, n'kuwerama, osaona. Anagwada bondo limodzi, kenako onse awiri, zoyera zawo zija zili m'dothi lofiira, nkhope n'kuifikitsa pafupi ndi nthaka ngati munthu wofuna singano. Anakhudza chidindocho ndi chala, n'kubweretsa chalacho pafupi ndi diso. Chinali choyera ndi laimu. Kenako anayang'ana mzere wonsewo, wosesedwa bwino kuposa mizere ya mbali ya Chisala, n'kuyang'ana tsache langa.

"Hosea," anatero motsitsa, kuti timve awiri, "ni kuyambila liti?"

Ndikanatha kunena kuti ndi lero lokha. Pakamwa panakana. "Zaka folo, ba Chitalu."

"Bonse baziba?"

"Bonse."

Anadzuka okha, atakana dzanja langa. Anapita paneti, n'kunena mokweza kuti anthu onse amve, "Bola yangena. Gemu, seti, na chikho ni va Chisala." Anamugwira chanza mnyamatayo ndi manja awiri. Chisala ankalira ngati waluza ndi iyeyo. Anthu anaomba m'manja mosadziwa kuti akuombera ndani, ndipo Ba Chitalu anatuluka pageti mawondo ali ofiira, osadzikung'untha.

Patapita masiku atatu anabwera pashopu atanyamula chikho mu pulasitiki. Sanandinene za mbewa. Anachiika pa benchi n'kuloza kachitsulo ka mkuwa kaja.

"Dinda Chisala. Elo izi folo uchose."

Ndinayesa kuwauza kuti magemu ambiri anapambana ndi manja awo, kuti panalibe amene ankafuna kuwanyoza, kuti tinkachita chifukwa chowakonda.

"Bana nibamvela," anandidula. "Mwana sangauze mukulu. Koma iwe ndiwe mbuya wanga, Hosea. Iwe unganitukane olo pa malilo ya mukazi wanga, banthu baseka chabe. Mu Lusaka yonse munthu umodzi wamene anali na mphamvu yoniuza ati mudala maso yafa, uli kuba bola za bana, ni iwe. Unasankha kupyanga."

Ndinayatsa gilayinda, iwo ataima pomwepo, n'kufufuta zaka zinayi zija chimodzichimodzi. Mpaka lero pa kachitsuloko pali malo anayi osalala, owala kuposa pena ponse, pakati pa dzina la Ba Chitalu la 2019 ndi la Chisala la 2024.

Mu Febuluwale anapita kuchipatala, bana Mwango atawagwira dzanja, ndipo madokotala anachotsa ng'ala diso limodzi, kenako linalo. Nditapita kukawaona anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Iwe, kansi unakalamba so? Nenze kuganiza ukali munthu." Ndinaseka mpaka misozi, poganiza kuti chimbuya chabwerera ndipo zonse zatha. Pabwalo anabwereranso, koma tsache analipereka kwa osewera okha, aliyense azisesa mbali ya mnzake pakutha pa seti. Ine anandisiyira diramu logudubuza.

Mu Okutobala wa 2025 analembetsanso mpikisano, anthu akuwaletsa. Maere anawagwetsera Chisala tsiku loyamba lomwe. Asanayambe anamuitana paneti n'kumuuza kuti akangomumvera chisoni ngakhale mpira umodzi, asadzapondenso pabwalopo. Mnyamatayo anamvera. Inali ntchito ya mphindi makumi anayi. Seti yoyamba Ba Chitalu sanapate kanthu. Mu yachiwiri, atatsalira magemu anayi, anasevera bwino, n'kudula timipira tiwiri togona timene Chisala anatithamangira mpaka kugwa, ndipo gemu imeneyo inakhala yawo. Imodzi yokha. Mipira yonse imene inagwa mbali yawo tsiku limenelo anaiweruza molondola, ina asanaiyandikire n'komwe.

Atatha anadzakhala pa benchi pambali panga, akupuma mwamphamvu, thaulo lili pakhosi. Nkhope yawo inali yowala mmene ndinali ndisanaionere kuyambira masiku a Kabanana.

"Hosea, ija gemu imodzi," anatero. "Ananipasa, olo ni yanga?"

"Ni yanu, ba Chitalu. Nalumbila. Ni yanu na manja yanu."

Zinali zoona, ndipo ndinanena ndi mtima wanga wonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo atsopanowo, mopanda mkwiyo, n'kundisisita paphewa. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, n'kuoloka bwalo lonse kukafunsa Chisala.